Mpesa wa Kuseri kwa Nyumba

Atuweni ankayanika zovala ngati munthu wosafuna kuti ntchitoyo ithe. Ankatola malaya amodzi m'beseni, n'kuwakung'untha, n'kuwongola kolala, kenako n'kuyamba kusakasaka malo pachingwe. Malowo anali ochepa, chifukwa theka la chingwe linali litalandidwa ndi mpesa. Unayambira pakona pa khoma, n'kukwera paipi ya madzi a mvula, n'kuyanga mpanda wonse, ndipo tsopano tizingwe take touma tinali titagwira chingwe choyanikira ngati zala za khanda.

Mpesawo anadzala ndi bambo ake, a Willie, zaka zisanu zapitazo, atangolowa m'nyumbayi ku Braunstone, m'dziko la azungu. Atayamba kudwala palibe anaukhudzanso. Atamwalira, mayi ake, a Jestina, anaika lamulo lakuti pasadulidwe ngakhale kanthambi. "Mmene anausiyira ndi mmene ukhalire," iwo anatero. Unakula ngati thengo, koma zipatso zake zinali timibulu tobiriwira, towawasa, toti ngakhale mbalame zinkatinyoza.

Pafupi ndi geti panali mulu wa masilabu a simenti. Anabwera nawo ndi a Lackson, mchimwene wa a Jestina, amene anasamukira pakhomopo maliro atatha. Vani yawo yoperekera makatoni inali itaswedwa galasi kawiri pamsewu, ndiye anagamula kuti Lolemba azula mpesawo, ayale masilabu, vani izigona mkati. A Jestina anangoti, "Inu ndiye akulu, achimwene. Bola muchite ine ndili ku shifiti, ndisaone."

Atuweni, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sanafunsidwe. Panyumbapo anthu anazolowera kuti iye amayankha ndi mutu.

"Iwe Mayi Chete!" a Lackson anakuwa ali pakhomo la kukhitchini. "Malaya asanu ola lathunthu? Ulendowu unatiputa ndiwe, tsono ukutichedwetsanso ndiwe."

Unalidi ulendo wake. Adokotala anali atauza a Jestina kuti aziyenda wapansi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo Atuweni anadabwitsa onse ponena kuti njira apeza yekha pafoni. Kumene njirayo inkadutsa sananene.

Vani anaisiya pa kamudzi kena kupitirira Market Harborough, ka nyumba za miyala yachikasu ndi tchalitchi cha nsanja yosongoka. Unali mwezi wa Malichi, mphepo ikuluma makutu. Kanjira kanakwera chitunda, n'kutsika, n'kukweranso. A Lackson anali atavala nsapato zawo zosongoka za kutchalitchi, ndipo pofika munda wachiwiri zinali zitalemera ndi matope.

"Kwathu munthu amayenda mtunda chifukwa njinga yathyoka," ankadandaula. "Kuno tasiya galimoto yabwinobwino kuti tidzaponde ndowe za nkhosa. Achemwali, mwana wanuyu akufuna andiphe adye vani."

"Yendani, achimwene, mimbayo iphwe," anaseka a Jestina, akupuma mwawefuwefu.

Atuweni ankatsogola, manja m'matumba. Pamwamba pa chitunda chachitatu anaima pa timasitepe tamatabwa todumphira mpanda. Kutsidya kwake, malo otsetserekera kudzuwa anali ndi mizere ya mawaya ndi nsanamira, kutsika mpaka kuchigwa.

"Ayi, apa ndiye ayi," anatero a Lackson. "Uwu ndi munda wa eni. Anthu akuda atatu m'munda wa mzungu, apolisi afika tisanatuluke."

Atuweni analoza kamuvi kachikasu kokhomedwa pansanamira, kosonyeza kuti njirayo ndi ya aliyense, ndipo anadumpha. A Jestina anatsalira, akuyang'ana mizereyo, kenako kanyumba ka denga lobiriwira kumunsi.

"Atu," anaitana motsitsa mawu. "Kuno si kuja bambo ako anagula mbande?"

Atuweni anagwedeza mutu osatembenuka. Mayi ake anadumpha mpanda, ndipo a Lackson anatsatira akung'ung'udza.

Mipesa ya m'mundamo sinkafanana n'komwe ndi wa kunyumba. Uliwonse unali chitsa chofika m'chiuno, cha mutu ngati nkhonya, ndi nthambi imodzi yokha yogonekedwa pawaya. Pansi panali milu ya nthambi zodulidwa.

"Mwaona?" anatero a Lackson mokondwa. "Ngakhale eni akewo atopa nayo. Akuigwetsa."

Pakati pa mzere wina panali mayi wovala chipewa chaubweya ndi magolovesi, sizasi yodulira mitengo ili m'manja. A Lackson, amene sankatha kudutsa munthu osamuyankhula, anamupatsa moni m'Chingerezi n'kufunsa ngati mbewuzo zagwidwa matenda. Mayiyo anaseka. Anati dzina lake ndi Nilofar, ndipo mundawo unali bwinobwino.

"Chaka chilichonse timatere. Pa nthambi khumi timasiya imodzi. Mukaumvera chisoni mpesa, mphamvu zake zonse zimathera m'masamba."

Atuweni anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa foni, n'kuisendeza kwa mayiyo. Panali chithunzi chimene anajambula m'mawa uja, zovala zikuoneka pambali.

Nilofar anavula golovesi, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala. "Mayo! Umenewu sunametedwe zaka zingati? Koma ndi wamoyo kwabasi, taonani kunenepa kwa thunthu. Wangosowa munthu wolimba mtima." Anamukokera Atuweni pa mpesa wosadulira. "Funa nthambi imene inamera chaka chatha, yonenepa ngati pensulo, yoyandikira mutu. Imeneyo ndiyo idzabereke. Zina zonse pansi. Koma usachedwe. Masabata awiri akubwerawa madzi ayamba kukwera, ndipo ukadula mochedwa umadontha osaleka. Tenga, yesa."

Sizasiyo inali yofunda ndi dzanja la mwini wake. Atuweni anayendetsa zala panthambizo imodziimodzi, n'kusankha, n'kuyang'ana Nilofar. Mayiyo anavomereza ndi mutu. Khwapu! Nthambi yoyamba inagwa. A Jestina anatseka maso ngati chadulidwa ndi chala chawo. Khwapu! Khwapu! Atamaliza, panatsala chitsa ndi nthambi imodzi ikugwedezeka ndi mphepo.

"Komabe ndi mtengo wa mowa," anatero a Lackson. "Ife ndife anthu opemphera."

"Inenso," anayankha Nilofar akulandira sizasi yake. "Vinyo sindinamulawepo chibadwire. Ndimachokera ku Evington m'mamawa chifukwa cha mitengoyi, osati mabotolo."

Atatuwo anatsika mundawo, n'kutulukira m'kamudzi kena. Anakhala pabenchi pafupi ndi tchalitchi. A Jestina anathira tiyi wa mufulasiki n'kugawa mandasi, koma awo sanadye. A Lackson anavula nsapato imodzi n'kuyamba kupala matope ndi kamtengo.

"Zosangalatsa ndithu, taphunzira," anatero. "Koma munda ndi munda, pakhomo ndi pakhomo. Lolemba ndiyamba m'mawa. Iwe Mayi Chete, ukabwera kusukulu udzandithandize kunyamula zinyalala."

Atuweni anayang'ana mayi ake. Iwo ankayang'ana mu kapu. Mtsikanayo anadikira kuti mwina anenapo kanthu, koma iwo anangopemerera tiyi amene anali atazizira kale.

Atuweni anaika kapu yake pabenchi n'kuimirira. Mawu oyamba anatuluka osasa ngati a munthu wongodzuka.

"Ankolo, mpesa uja simuzula."

A Lackson anasiya kupala nsapato. "Wati bwanji?"

"Ndati simuzula. Vani yanu ndinaiyeza ndi chingwe Lachitatu, inu mukugona. Imakwana mbali ya mabini a zinyalala, mukangowasuntha. Masilabu anu ndinyamula nawo, onse, koma pakona paja ayi."

"Achemwali, mukumumva mwanayu?"

"Amayi, inunso ndili nanu mawu." Atuweni anatembenuka, misozi ili m'maso koma osaipukuta. "Mumati tisaukhudze chifukwa ndi wa adadi. Zaka zitatu osaukhudza, taonani mmene wakhalira. Ankolo akuutcha thengo, ndipo sakunama. Kudula kanthambi mukukaniza, koma kuzula mwalola, bola inu musaone. Adadi sanadzale chithunzi choti tizichiyang'ana. Ankafuna tidye mphesa. Ndinalipo tsiku limene anagula mbande m'munda uja, ndinainyamula ndine pamiyendo mpaka kunyumba. Mawa tikachoka kutchalitchi ndiudulira ndekha, ndisiya nthambi imodzi. Uoneka woipa, ndipo mwina mulira. Lirani, koma mukhale pomwepo muzindiona. Ndipo inu Ankolo, Lolemba mukabwera ndi khasu, mundipeza nditakhala patsinde pake. Kusukulu sindipita. Muyambe mwazula ine."