Intaneti ya Wometa

Kampani ya mafoni itathetsa bandulo yopanda malire, Medhat, wometa tsitsi ku Cairo, anatseka intaneti ya pafoni yake imene ankagawira anthu a m'kanjira konse mwaulere.

Asanamete ndi mutu umodzi womwe, Sobhi wogulitsa nyemba anali atafika kale, foni ili m'manja.

"Achimwene, mwatani? Akazi anga filimu yawadukira pakati!"

"Kafunseni kampani! Ine ndine kampani?"

Anabweranso wosita zovala, kenako mayi Nawal a m'nyumba yapamwamba, aliyense ndi dandaulo lake. Medhat mtima unamuwira, n'kuponya lumo patebulo.

"Chiyambire, alipo ananenapo zikomo?"

Sobhi anapukusa mutu momumvera chisoni.

"Ndi mayankhidwe amenewa, ife tisamukira pa intaneti ya wabutchala. Ndipotu yanuyo inali yochedwa kale."