Milandu Itatu Yomwe Sinachitikepo

Tamiwe Sakala anali atagwira ntchito ya uloya chaka chimodzi chokha pamene bwana wake anamutuma kukhoti ndi mapepala omwe iye sanalembe. Bwanayo, a Malcolm Njobvu, anali ndi ofesi ku Lusaka ndi ina ku Chipata, koma kuno ankangofika ngati mlendo. Ntchito yonse inkagwera Tamiwe, a Njobvu lawo linali dzina la pachitseko basi.

Mlandu wa tsikulo unali wa a Jairos Tembo, mlimi wa ku Chiparamba, amene kampani ina yolima soya inawatchingira munda ndi waya, ati malowo ndi ake. Bambowa anali atadikira zaka ziwiri osalima. Tamiwe anapempha kuti alembe yekha mfundo za mlanduwo, koma a Njobvu anakana. "Uwu ndi mlandu waukulu, si wa ana," anatero pafoni. Analemba okha, n'kutumiza okha kukhoti, ndipo Tamiwe anazilandira m'mawa wa tsiku la mlandu.

Anaziwerenga atakhala pabenchi pakhonde la khoti. Chizungu chake chinali chosalala, ndipo zinatchula milandu itatu yakale imene akuti alimi anapambana. Tamiwe sanaidziwe milanduyo, koma anadzitonthoza kuti munthu wa zaka makumi awiri pantchito sangalembe zopanda mutu.

Atangoimirira kuti ayambe, jaji, mayi wa magalasi wosakonda kukweza mawu, anamudula.

"Mayi Sakala, milandu itatu iyi mwaitenga kuti? Ine ndi kalaliki wanga taifufuza sabata yathunthu m'mabuku onse. Kulibe. Ngakhale mayina a oweruza omwe mwatchulawa sitikuwadziwa."

Loya wa kampani ija anaweramitsa mutu kubisa kuseka. Tamiwe anapempha kanthawi kochepa, natuluka kukaimba foni pansi pa mtengo wa mango.

"Ndinafunsa pakompyuta, paja pamalemba pokha," anayankha a Njobvu osatekeseka n'komwe, kukumveka mafoloko kugunda mbale. "Masiku ano aliyense akutero."

"Koma bwana, munaiwerenga milanduyo?"

"Nthawi ndikanaitenga kuti? Tamvera. Ukawauze a jaji kuti unasokoneza ndiwe potaipa. Ndiwe watsopano, angokudzudzula basi. Ine dzina langa lisamveke m'menemo."

Tamiwe anadula foni ali ndi mkwiyo. Munthu wamkulu mpaka imvi, wolandira ulemu paliponse, kutenga munda wa mnzake n'kuuponyera makina osayang'ana n'komwe chimene atulutsa, kenako n'kufuna kupukutira manja pa mwana wa eni. Anasuzumira pazenera. A Tembo anali chikhalire pabenchi, chipewa chili pamaondo, jekete lawo la kutchalitchi atalimanga mabatani onse, akudikira mwaulemu anthu ophunzira.

Tamiwe analowanso n'kunena zonse monga zinalili: amene analemba, mmene analembera, ndi bodza limene anamuuza kuti anene. Jaji analemba kwa nthawi yaitali, kenako anataya mfundo zonsezo, nalamula kuti a Njobvu adzaonekere okha pamaso pake. Mlandu anauimitsa mpaka Malichi. Apa n'kuti mwezi wa Novembala uli pakati, mitambo itayamba kale kuda kumapiri.

Panja a Tembo anamufunsa chapansipansi. "Madamu, zatha bwanji? Chizungu chija chinandithawa."

Tamiwe anawafotokozera m'Chinyanja, osabisa kanthu. Bambowo anapotokola chipewa.

"Ndiye kuti chaka chinonso sindidzala," anatero. "Ine ndinkati ndapereka nkhani yanga kwa munthu. Akanandiuza kuti alibe nthawi, ndikanapita kwina. Maloya si iwo okha m'Chipata muno."

"Nanenso ndalakwa, bambo. Ndinayenera kufufuza ndisanaimirire."

"Inu mwanena zoona pamaso pa anthu. Zimenezo ndaziona."

Dzuwa lisanalowe, uthenga wochokera kwa a Njobvu unafika pafoni ya Tamiwe kuti asadzapondenso kuofesi, ati wachititsa manyazi ofesi yawo. Anauwerenga ali m'minibasi yopita kwawo ku Nabvutika, naseka kuseka kowawa mpaka mayi woyandikana naye anamuyang'ana modabwa.

Anakhala pakhomo milungu isanu. Kenako mayi Edita Mvula, loya wachikulire wa kaofesi ka chipinda chimodzi kufupi ndi msika, anamuitana. Nkhani ija anali ataimva, chifukwa m'makhonde a khoti mulibe chinsinsi. A Tembo anasamutsira mlandu wawo komweko, mapepala awo ali m'pulasitiki ya shuga. Tamiwe analemba mfundo zatsopano, ndipo mlandu uliwonse umene anatchula anauwerenga kaye mpaka tsamba lomaliza.

Mu Epulo khoti linalamula kampani ya soya ija kuchotsa waya. A Tembo anakapeza munda wawo uli thengo lofika m'khosi, anzawo akukolola.

A Njobvu anadzudzulidwa m'chipinda cha jaji, chitseko chili chotseka, n'kubwerera ku Lusaka tsiku lomwelo. Patapita mwezi, mayi Mvula anamuonetsa Tamiwe chithunzi pafoni. Anali a Njobvu, atavala tayi wofiira, akumwetulira pa chikalata choitanira maloya achinyamata kumsonkhano. Iwo ndiwo anali mlendo wolemekezeka wokaphunzitsa za kagwiritsidwe ntchito ka makina atsopano pa uloya.