Buleki Wodyeka Kumanzere

Galimoto inazimanso. Mtsikanayo anabweza giya n'kuiliza kachisanu. Injini inalira bwinobwino, koma atangolowetsa giya yopita kutsogolo, inanjenjemera n'kungoti zii.

"Waiwononga basi," anatero mayi ake ali pakhonde. "Zaka khumi ndi ziwiri bambo ako akuiyendetsa, sindinamvepo kuti yakana. Iwe masiku awiri okha."

Mawuwo anamulasa mtsikanayo. Panali patatha masiku asanu chiikireni maliro a bambo ake, ndipo galimoto yakaleyo ndiyo inali munda wa banjalo. Inkatenga buledi kubekale kukatula m'magolosale. Mwini bekale anali atapepesa maliro mwaulemu wonse, kenako n'kunena kuti galimoto ikapanda kuoneka Lolemba, ntchitoyo apatsa wina. Lolemba lake linali mawa.

Chakumasana kunabwera a Girisi, makaniko okonda nthabwala amene zala zawo zinaiwala kalekale mtundu wake weniweni. Analowa kaye m'nyumba kukapepesa, kenako anatsegula boneti.

"Tiyambe ndi zing'onozing'ono, mwana wanga. Mwina paipi ina ikuba mpweya."

Anafinya mapaipi onse limodzilimodzi. Anatsuka sefa ya mafuta, anapala mapulagi, anakweza pang'ono kaliridwe ka injini. Akamaliza chimodzi ankati, "Lowetsa giya," ndipo galimoto inkazima chimodzimodzi. Pomaliza anatsegula pothirira oilo injini ikulira, n'kuikapo chikhatho. Mpweya wautsi unkawakankha dzanja. Nthabwala zawo zinathera pomwepo.

"Injiniyi inatha, mayi. M'kati mwake munadyeka. Ikakhala payokha imadzinyamula, koma mukangoisenzetsa giya, mphamvu ilibe."

"Bodza limenelo," anatero mayi aja akutsika pakhonde. "Tsiku lomwe malemu anagwa lija anali atapita nayo kuntchito. Nanga inatha liti? Nenani zoona, mwanayu waipanga chiyani?"

A Girisi anagwada pakhomo la dalaivala n'kusuzumira pansi pa chiwongolero. Anakhala pamenepo kanthawi, kenako anawakodola onse awiri.

"Taonani bulekiyu. Galimoto yosintha yokha magiya timaiyendetsa ndi phazi limodzi, lamanja, ndiye mphira wa buleki amadyeka kumanja. Uyu wadyeka kumanzere mpaka chitsulo chikuoneka. Malemu ankayendetsa ndi mapazi awiri. Lamanzere likagwira buleki, lamanja linkapondabe mafuta kuti injini isafe. Pamphambano paliponse, pagolosale iliyonse. Izi si za mwezi umodzi ayi, ndi za zaka."

"Ndiye inenso ndichita chomwecho," anatero mtsikanayo.

Anakhala pampando, naponda ndi mapazi onse awiri. Galimoto inabangula, inadumpha, n'kukazimira pachipata. Anayesanso, ndipo inangotsala pang'ono kugunda mpanda. Ulendo wachitatu phazi lake linkangoterereka pa buleki.

"Zisiye, ungaphe munthu," anatero a Girisi mofatsa. "Bambo ako anazolowera pang'onopang'ono, injini ikufooka iwo akuphunzira. Iwe sungaphunzire pofika mawa. Komanso yatsala ndi masabata owerengeka, ngakhale mwiniwakeyo akanakhalapo."

"Nanga kukonza?"

"Ikufunika injini ina. Mtengo wake ukuposa wa galimoto yonseyi."

Mtsikanayo anatsamira chiwongolero. Mlandu unali utamuchoka, koma sanamve kupepukidwa kulikonse. Anakumbukira mmene bambo ake ankaviikira mapazi m'beseni la madzi ofunda akaweruka, akuseka kuti ndi ukalamba. Anawakwiyira chifukwa chobisa, ndipo anawamvera chisoni chomwe sanachimve ngakhale tsiku la maliro. Za mawa zinali zitadziwika: buledi anyamula wina.

A Girisi anatolera masipanala awo n'kutsanzika. Mayi aja analowa m'nyumba. Atatuluka anali atanyamula nsapato zakuntchito za amuna awo. Anatembenuza yakumanzere. Pansi pake panali patakumbika mzere wopingasa, pamene inzake inalibe.

"Chaka chilichonse ndinkawakalipira," anatero motsitsa mawu. "Ndinkati amakoka phazi poyenda."

Anagwada pomwe panagwada makaniko paja, mwana wawo n'kusuntha miyendo. Anaika nsapatoyo pa buleki, ndipo chitsulo chinalowa mumzere muja ndendende. Anaigwira pomwepo ndi manja onse awiri, osaichotsa.