Jombo za Mkamwini

Masiku amenewo chigwa cha Luangwa chinali chisanatchedwe paki. Tinkangoti ku gemu, ndipo ife olondera nyama anthu ankatitcha agemu. Ntchito yathu inali ya miyendo. Mapazi akakukana, boma linkakulanda jombo ndi yunifomu, iwe n'kubwerera kumudzi kukapirikitsa njovu m'mapira.

Remmy anabwera pakati pathu mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali pa mayeso. Akuluakulu a ntchito anamuuza kuti ayende nafe ulendo wotsata mtsinje wa Lupande mpaka kukampu ya ku Kakumbi, ndipo akakafika ndi miyendo yake, ntchito ndi yake. Mphamvu anali nazo, koma mapazi ake ankachita thukuta ngati mtsuko watsopano.

Mankhwala a vuto limenelo tonse tinkawadziwa. Dzuwa likafika paliwombo tinkakhala pamthunzi, kuvula jombo, kuyanika masokosi pa kanthambi, n'kupaka phulusa lozizira la nkhuni za tsanya pakati pa zala. Ponyamuka umavala masokosi ena ouma. Palibe chovuta pamenepo, ngakhale chitsiru chinkakhoza.

Chinavuta n'chakuti mtsogoleri wathu, a kopolo Benson, anali apongozi ake a Remmy. Remmy anakwatira mwana wawo Ennie, ndipo Ennie anali woyembekezera. Tsono Remmy analeredwa bwino ku Msoro, mwina mopitirira muyeso. Mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi, sadyera nawo pamodzi, nanji kuwatambasulira mapazi onunkha. Akanatha kukavulira kuseri kwa chulu, koma lamulo la m'tchire linali lakuti palibe wochoka pamaso pa wonyamula mfuti, ndipo mfuti inali ndi a Benson. Choncho ife tikamapepesa zala zathu ndi mphepo, iye ankakhala kumapeto kwa mthunzi, atatifulatira, zingwe za jombo zili zomanga. Ngakhale pogona ankagona nazo.

Zinkandikwiyitsa, kunena zoona. Nditaona kuti wayamba kuponda mosankha, ndinamukokera pambali.

"Iwe Remmy, mapazi amenewo udzawafunanso. Vula."

"A Gideon, pamaso pa atate? Iyayi. Ndili bwino chabe."

Ndinamusiya. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

A Benson nawonso anali ataona, chifukwa munthu amene amadziwa mkango wopunduka poyang'ana mapazi ake pamchenga sangalephere kuona mkamwini wotsimphina. Koma mwambo womwewo unawamanga pakamwa. Za thupi la mkamwini sakanalankhula naye maso ndi maso. Ndiye anandisandutsa ine mthenga, anthu awiri atakhala pansi pa mtengo umodzi.

"A Gideon, muwafunseko a Remmy ngati aswera bwino."

Ine n'kutembenuka. "Akuti mwaswera bwanji."

"Muwauze kuti ndaswera bwino, zikomo."

Cosmas, mnzathu wachinayi, ankaseka mpaka kutsamwa ndi madzi.

Tsiku limene tinafika pamadambo ouma, pomwe njovu zinasiya maenje a mapazi awo m'dothi lolimba ngati njerwa, Remmy anagonja. Sanadandaule. Anangoyamba kutsalira, ndipo titafika pamthunzi wa mchenja anakhala pansi kolephera kudzukanso. Nkhope yake inali itatuwa. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Tikamunyamula pamachira kukalowa naye mukampu, jombo zimenezo akazisiya komweko.

A Benson anayang'ana nswala zimene zinkadya chapatali. Kenako anandipatsa mfuti kuti ndigwire. Anapisa m'thumba lawo, natulutsa mbatata yootcha imene inatsala m'mawa, napita kukakhala pansi pafupi ndi mkamwini wawo, mawondo kutsala pang'ono kugundana. Remmy anayesa kusendera kutali, koma anagunda tsinde la mtengo.

Anainyema mbatatayo pakati. Chidutswa china analuma okha, china anamupatsa m'manja.

"Nkhuku ya mwambo yotilola kudyera pamodzi tikaphera kumudzi, amayi anu ali pomwepo," anatero. "Lero tiyambe ndi iyi. Idyani."

Remmy anayang'ana ine, ngati kuti mthenga angamupulumutse. Ine ndinayang'ana kumwamba. Kenako anadya.

"Tadyera pamodzi tsopano. Bweretsani mwendo."

Anamasula zingwe okha. Fungo limene linatuluka mmenemo sindilifotokoza, koma Cosmas, amene anali ndi nthabwala pa chilichonse, anangotseka pakamwa. Masokosi anali atamatirira kukhungu. Pansi pa mapazi panali poyera ndi pofewa ngati chinangwa chovika, matuza ataphulika, pakati pa zala patang'ambika. Ndinamva chisoni, ndipo mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo.

Tinafunditsa madzi, tinathiramo mchere. A Benson anatsuka phazi lililonse pang'onopang'ono, chala ndi chala, n'kuumitsa ndi mpango wawo wa m'khosi. Polimba anapakapo phulusa, pa zilonda anasiya kuti pawombedwe ndi mphepo.

"Sitinyamuka mpaka ma folo koloko, kukazizira," anatiuza. "Ndipo kuyambira lero tikapuma, woyamba kuvula ndi uyu."

Remmy anali atabisa nkhope m'chipewa. "Atate, ndakuchititsani manyazi."

A Benson sanakweze mutu. Anatenga masokosi awo ouma pa kanthambi, nayamba kumuveka.

"Manyazi akanakhala kukamuuza Ennie kuti ndinakuonani mukutsimphina, ine n'kumangotumiza moni. Imirirani tione."

Remmy anagwira phewa la apongozi ake, naimirira. Anaponda kamodzi, kawiri, akukukuta mano, ndipo dzanja lake sanalichotse paphewapo mpaka tinaona madenga a kukampu.