Bonongwe wa Adokotala

A Jobe, osamalira maluwa pa loji ina ku Kande, anamva mfuwu m'holo n'kusuzumira. Aphunzitsi a ku yunivesite amene anabwera kudzachita msonkhano anali atazungulira ndowa za bonongwe, yense atatsala mitengo yokhayokha.

"Wandithyolera masamba ndani?" anafunsa mayi wina, Dokotala Pilirani Chiumia, mwini ndowazo.

Othyola masambawo anali a Jobe. M'mawa anaona bonongweyo akufuna kuchita maluwa, ndipo munthu wozolowera dimba sangadutse osasadzula. Akanatha kukhala chete, ntchito n'kupulumuka, koma analowa, chipewa chili m'manja.

"Ndine, ama. Ndimati aphuke bwino."

"Ada Jobe!" anakalipa a Gresham, manijala wa loji. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mawa musabwerenso."

Adokotala sanayang'anenso ndowa. "Masambawo ali kuti?"

"Ndinatumiza kunyumba. Mpongozi wanga ndi woyembekezera, amalakalaka bonongwe."

"Mayo! Ameneyu ndinamudzala m'dothi la potayira mabatire akale kuti ayamwe mtovu. Ndi poizoni kwa mwana wa m'mimba. Tiyeni!"

Nthawi yawo yolankhula inali itakwana, alendo ochokera kutali atakhala kale. Mayiwo anangovula nsapato zawo zazitali n'kuliyatsa liwiro m'kanjira ka m'minda ya chinangwa, a Jobe akubwera wefuwefu pambuyo, akuwalozera njira. Chibadwire a Jobe anali asanaone munthu wophunzira akuthamangira mwana wa eni chonchi.

Anamupeza Catherine, mpongoziyo, akuthira nsinjiro.

"Mwalawako?" anafunsa adokotala.

"Ayi, sizinapse."

Adokotala anaphula poto n'kukakhuthula m'chimbudzi.

"Ada," anatero Catherine, manja ali m'chiuno, "alendo anuwa ndi a mtundu wanji, olanda ndiwo pamoto?"

Adokotala anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, kenako anamufotokozera zonse.

Atabwerera ku loji, anayamba ndi a Gresham. "Wolakwa ndine. Ndinaika poizoni poyera osauza munthu. Mukawachotsa bambowa, msonkhano tikamalizira kwina."

A Gresham anakanda m'mutu. "Mawa mulawirire, ada."

Adokotala anakaima kutsogolo, miyendo ili mbuu ndi fumbi. A Jobe anamvetsera ali pawindo. Chingerezi chakecho sanatolepo kanthu, koma anawomba m'manja mpaka zikhatho zinawawa.