Giya ya Pamiyala

"Injini ikamalira, inu muzingotseka makutu," anatero amuna anga, a Shigeharu. Anali atakhala pa teyala lakutha m'galaja ya a Kuwahara, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Nditseke makutu ndi manja ati, ndikuyendetsa?" ndinawafunsa.

A Kuwahara, mnzawo wa kuubwana, anaseka ali kunsi kwa galimoto.

Kagalimoto kathu kanali kamodzi komweko, kakang'ono, kokoka ndi mawilo onse anayi. Kale, Loweruka likafika, a Shigeharu ankakwera nako miyala ya mumtsinje wouma kumtunda kwa mudzi wathu ku Shikoku. Kenako sitiroko inawagwira mbali ya kumanzere. Mwendo wopondera kilatchi unafooka, makiyi n'kubwera kwa ine. Ndinkatsika nako m'mawa kupita kufakitale yolongedza manachesi, masiku ena kuwaperekeza kuchipatala kukawongola thupi.

Tsopano ankafuna kuti magiya a m'madifu, timabokosi topereka mphamvu kumawilo, achotsedwe, aikemo otsika kwambiri. Amati galimoto yotero imakwawa yokha pamwala, kilatchi osaigwiragwira, ndiye mwendo umodzi ukwanira.

A Kuwahara anatuluka, akupukuta manja, natembenukira kwa ine. "Alamu, pamwala izikwawadi. Koma pa tala injini izikuwa ngati nkhumba yomangidwa, njinga zikukupitirirani. Mafuta muzithira ngati mukuthirira mpunga."

"Iwe uli mbali ya ndani?" anafunsa a Shigeharu.

"Ya galimoto. Madifu tiwasiye. Titsegule kabokosi kapakati kaja, kogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, tisinthe giya yotsika yokha. Yapamsewu ikhale mmene ilili. Alamu azipita kuntchito osadziwa n'komwe kuti tagwirapo."

Pobwerera kunyumba, titafika pamlatho, ndinaiyamba nkhaniyo.

"Adokotala anati musayendetse," ndinatero.

"Ananena pamsewu. Mumtsinje mulibe apolisi."

"Nanga ikagudubuzika? Ndidzakusololani ndekha?"

Anayang'ana pawindo. "Tamiko, kuyambira chaka chatha ine ndine katundu pampando uno. Mumandikweza, mumanditsitsa."

Mawa lake ndinakasiya galimoto kwa a Kuwahara, ndipo sabata imeneyo ndinayendera basi.

Tinapita kumtsinje masamba a m'phiri atayamba kufiira. Pa tala galimoto inayenda monga kale, phee. Titafika pomwe msewu umathera, ndinatsika n'kuwasiyira mpando. Anakwera okha, akukoka mwendo ndi dzanja. Analiza injini. Kenako anatambasula dzanja lamanzere kuti akoke kachitsulo kolowetsera giya yotsika.

Magiya atsopano amalimba. Zala zinaterereka. Anayesanso, zinatererekanso. Ndinkatha kulowetsa mkono pawindo n'kuwakokera, koma ndinagwira m'mphepete mwa juzi langa, ndikuyang'ana kwina. Ndi dzanja lamanja akanatha, inde, koma tonse tinali titaona kale: dzanja lolephera kachitsulo silingagwire chiwongolero teyala likamenya mwala.

Anasiya kachitsuloko, injini ikungodukuma. Ndinkaganiza kuti anena kuti tizipita, ndipo ndinkaopa ulendo wobwererawo kuposa miyala.

Chitseko chinatseguka. Anatsika pang'onopang'ono, natenga ndodo.

"Lowani," anatero. "Inu miyala simuidziwa. Ine ndikuidziwa."

"Sindinayambe ndakwerapo mwala ine."

"Mwakhala mukukwera basi sabata yonse chifukwa cha giya imeneyi. Muilawe."

Ndinakoka kachitsulo, kanalowa ndi phokoso. Anandiuza kuti ndiike giya yoyamba, ndisiye kilatchi, kenako ndichotse mapazi paliponse. Ndinachotsa. Galimoto inanyamuka yokha, mwaulesi, ngati ng'ombe yokhuta.

"Teyala lakumanja likwere mwala uwo. Pamwamba penipeni, osauzemba. Mukauzemba ukung'ambani kunsi."

Mphuno ya galimoto inadzuka mpaka ndinangoona thambo ndi nsonga za mitengo. Ndinafuna kuponda mabuleki.

"Mapazi, Tamiko. Asiyeni pansi."

Mawu awo anali athunthu, osakokeka ngati a kunyumba. Ndinawamvera. Teyala linakwera, linaima pamwamba ngati likuganiza, n'kutsikira kuseri mofatsa, osagunda.

Kutsogolo kutatsika ndinawafunafuna pawindo lam'mbali, koma panalibe munthu. Anali patsogolo, pakati pa mtsinje, akupita. Ndodo, mwendo wabwino, kenako wofooka uja ukukwekwereza m'timiyala. Galimoto inkawalondola m'mbuyo, ndipo mpata unkakula.

Atafika pamwala wotsatira anaima, natembenuka, natsamira ndodo, akundidikira.