Mano a Apongozi M'kapu

Kapu inali itafika kale pamlomo pamene Namphuno anaona kuti m'madzimo muli chinthu chikumusekerera. Anaibweza pathebulo mwamphamvu, madzi mpaka kukhavukira pa kiyibodi.

"Bambo! Mano awa alowa bwanji m'kapu yanga?"

Apongozi ake aamuna anasuzumira pakhomo, masaya atalowa m'kati. Anali atabwera kudzacheza masiku atatu, koma sabata yachiwiri inali ikutha.

"Ndawabweza kwa eni ake, amayi. Akundilasa m'nkhama. Si inu munawapanga?"

Sananame. Zaka khumi ndi zisanu Namphuno anagwira ntchito m'chipinda chopangira mano oikirira, akusungunula phula, kukanda pulasitala, kupala ndi kukwecha. Dzina limeneli anamupatsa anzake komweko, chifukwa zikombole za m'kamwa zikangofika kuchokera kwa dokotala, zili nyanyu ndi malovu a munthu wosamudziwa, iye ankayamba kukwinya mphuno pepala lisanamasulidwe n'komwe. Ena anazolowera. Iye zinkamunyansa tsiku lomaliza ngati mmene zinkamunyansira tsiku loyamba.

Ndiye atamva kuti masiku ano mano akukonzedwa pa kompyuta munthu uli kunyumba kwako, sanachedwe. Dokotala amajambula m'kamwa mwa wodwala ndi kamakina n'kutumiza chithunzi, iwe n'kuyala mano pa sikirini, makina akwina n'kuwasema. Anaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, n'kutsanzika. Chithunzi sichinunkha, basi nkhani yake inali yomweyo.

Kampani ina inamutenga kuti imuyese kaye, ndipo tsikuli linali lomaliza. Anamupatsa mano a m'mwamba a munthu wongodziwika ndi nambala. Woyang'anira anali atawabweza kawiri. Uthenga wake unali ukadali pa sikirini: "Ndi okongola, koma sakulumana ndi a m'munsi. Tumizani pofika thwelofu. Akabwereranso, tisiyana." Kusiyanako kunatanthauza kubwerera ku phula ndi malovu, kukapepesa kwa anthu amene anawatsanzika akuseka. Nthawi inali itapitirira teni.

"Bambo, ndili pa ntchito."

"Pa ntchito mutavala masilipasi?" Apongozi anaseka, m'kamwa muli pululu. "Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, amayi. Munalowa banja la anthu okonda shuga. Mano athu ndi anu."

"Munawatsuka liti komaliza?"

"Amatsukika okha ndikamamwa madzi."

Namphuno anakwinya mphuno. Anayang'ananso m'kapu muja n'kudziimba mlandu kuti wayang'aniranji. Manowo anali atachita chikoko chachikasu, pakati pa akutsogolo pali kanthu kobiriwira kosadziwika kuti ndi ka tsiku liti. Pena anali atang'aluka, mwini wake n'kumata ndi guluu wa nsapato. Ndipo fungo lija, fungo limene analithawa ndi maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi, linali litamutsatira mpaka pampando wake.

"Muwasiye, ndiwaona madzulo."

"Madzulo? Ndiye masana ndidya ndi chiyani? Chabwino, ndikhala pompano ndidikire." Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, akupumira pa sikirini. "Aa, koma awa ndi mano a munthu wamoyo? Ngati a chidole cha m'sitolo chotere?"

Namphuno anadziwa kuti mkuluyu sachoka. Anatsegula dirowa ya pansi n'kutulutsa bokosi la magolovesi limene analumbira kuti sadzaligwiranso. Anavala awiriawiri. Kapu anainyamula atatambasula mkono wonse, nkhope atayang'ana kumbali, mpaka ku bafa.

Anakwecha ndi burashi yakale, akupuma ndi pakamwa. Madzi ankatsika ali bii. Apongozi anaima pakhomo akufotokoza bwinobwino zonse zimene manowo anatafuna m'zaka zisanu ndi zitatu.

Chikoko chitachoka, chala chake chinayenda chokha pamwamba pa mano akumbuyo monga chinkachitira kale. Chinaima. Kumanzere manowo anali ataperepeseka, ali see. Kumanja anali akuthwa ngati apangidwa dzulo.

"Bambo, mumatafunira kumodzi?"

"Kuyambira chaka chimene ndinagwa pa njinga. Chibwano chinakhotera uku. Inu simunaone? Munthu mumadya naye thebulo limodzi!"

"Mukamadya ine sindiyang'ana."

Anabwerera ku kompyuta manowo atawaika pa sosala. Anatembenuza chithunzi cha nsagwada ya m'munsi ya munthu wa nambala uja, n'kuchikulitsa. Zinali poyera. Mano akumbuyo a mbali imodzi anali atatha ngati a apongozi, a mbali inayo ali bwinobwino. Masiku awiri onse ankayang'ana chithunzi chomwecho osaona, chifukwa kompyuta ikayala mano imayala ofanana uku ndi uku, ndipo iye ankangoivomereza ngati mwana wa sukulu. Ku ntchito yakale chala chikanamuuza tsiku loyamba lomwelo. Anadzikwiyira, koma nthawi yokwiya panalibe.

Kudzanja lamanja anavula magolovesi n'kugwira mausi. Lamanzere linakhala pa sosala, likusisita mano a apongozi. Akamva ndi chala mmene dzino lathera, amakhotetsa pang'ono la pa sikirini, kulitsitsa, kuliphwatalalitsa, mpaka litakhala bwino pa linzake la m'munsi. Sopo anali atachotsa chikoko koma fungo lisanatheretu, ndipo nthawi yonseyi mphuno yake inali chikwinyire.

"Mukuwaononga," anatero apongozi. "Anali owongoka aja."

"Owongoka satafuna, bambo. Takhalani chete pang'ono."

Anatumiza patatsala mphindi khumi. Kenako anatenga tupa wake wakale, napala pamene guluu wa nsapato anauma n'kuchita msonga. Apongozi anaponya manowo m'kamwa, n'kumveka khwaa, masaya n'kubwerera m'malo. Nthawi yomweyo uthenga wa woyang'anira unalowa: "Awa ndiye mano a munthu. Lolemba muyambe."

"Mwaona?" Apongozi anamenya pantchafu. "Mano anga akulembetsani ntchito! Ndiye mumawanyoza."

Namphuno anasangalala, inde, koma anayamba waponya kapu ija m'bini. Sosala anatsatira. Burashi nayo. Anasamba m'manja katatu, ndipo masana sanadye.

M'mawa mwake, akungoyatsa kompyuta, kunamveka kugogoda. Atatsegula anapeza apongozi ali ndi akuluakulu atatu amene ankasewera nawo makadi kuseri kwa sitolo. Aliyense anali atafumbata kampango komanga mfundo. Kamodzi kanali konyowa.

"Ndawauza kuti amayi athu amagwirira panyumba, sasowa," anatero apongozi, akumwetulira ndi mano onse.

Namphuno anayang'ana timipangoto, n'kuyang'ana nkhope zinayi zachiyembekezozo. Walira mvula walira matope.

"Loweruka lokha, panja, ndipo aliyense abwere atatsuka yekha mano akewo," anatero. "Lero dikirani pakhondepo."

Anatseka chitseko. Asanapite kukatenga magolovesi, anayamba watolera makapu onse a m'nyumbamo, n'kuwatsekera m'kabati, kiyi n'kuika m'thumba.